Mwafunsa, Tayankha: Njira ya katswiri wa mabuku a Chitaliyana

Mwezi uno makalata anayi agwera pa mutu umodzi, onse ochokera m'mbali mwa nyanja. Ena tawafupikitsa.

Akonzi, ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Nkhotakota. Chitaliyana ndinachitolera kwa masisitere amene ndinkagwira nawo ntchito, ndipo kucheza nacho ndimatha. Ndimamva kuti kuli Ataliyana amene moyo wawo wonse amaphunzitsa mabuku a kwawo m'mayunivesite a mayiko ena, kwinaku akumasulira. Ntchito imeneyi munthu amaifika bwanji? Nanga Mmalawi angaiponde njirayo? — Mphunzitsi, Linga

Aphunzitsi, njirayo ilipo, ndipo ndi yakale. Lorenzo Da Ponte anakhala pulofesa woyamba wa Chitaliyana pa koleji ya Columbia, mumzinda wa New York, mu 1825, koma mpandowo unalibe malipiro. Ankadalira zimene ophunzira alipira. Antonio Panizzi anathawa kwawo pa nkhani za ndale, nafika ku England mu 1823. Mu 1828 anamupatsa mpando wa Chitaliyana pa yunivesite ya London, koma mpandowo sunkamudyetsa, ndipo mu 1831 analowa ntchito ku British Museum, kumene anadzakhala mkulu wa laibulale mu 1856. Mlakatuli Giuseppe Ungaretti anapita ku Brazil mu 1936 kukaphunzitsa ku São Paulo, nabwerera kwawo mu 1942. Luigi Meneghello anafika pa yunivesite ya Reading ku England mu 1947 pa sikolashipu ya nthawi yochepa, nakhazikika komweko, mpaka anatsogolera dipatimenti ya Chitaliyana kufikira 1980. Onsewa anapeza malo chifukwa ananyamula chinthu chimene kumene ankapitako chinali chosowa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Makwerero a masiku ano ali motere. Ku Italy digiri yoyamba, laurea triennale, ndi ya zaka 3 ndipo imafuna makirediti (mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro) 180. Yachiwiri, laurea magistrale, ndi ya zaka 2, makirediti 120. Mayeso ambiri a maphunziro a mabuku ndi apakamwa: wophunzira amakhala maso ndi maso ndi pulofesa, amafunsidwa, napatsidwa malikisi pa 30, ndipo kukhoza kumayambira pa 18. Digiri yonse imawerengedwa pa 110. Pamwamba pake pali dottorato di ricerca, digiri ya udokotala (PhD) ya zaka 3, imene malo ake anthu amachita kupikisanirana. Ambiri ofuna kudzagwira ntchito kunja amakachita PhD ku America, kumene imatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo wophunzira amapeza ya sopo pophunzitsa chilankhulo kwa a chaka choyamba. Wofuna kuzama pa alembi akale otchuka a ku Italy, Dante, Petrarca kapena Boccaccio, sangathawe Chilatini, chifukwa atatu onsewa analembanso m'chilankhulo chimenecho.

Phiri lenileni lili patsogolo pa udokotala. Munthu amatha zaka akuyendera makontirakiti a chaka chimodzi, chaka chino mzinda uwu, chaka chamawa dziko lina. Chimene chimamutulutsa m'menemo ndi zolemba: nkhani za kafukufuku m'magazini a akatswiri monga Italica ya ku America kapena Italian Studies ya ku Britain, kumene akatswiri ena amayamba aiunika nkhaniyo isanasindikizidwe, ndiponso buku lochokera mu kafukufuku wa udokotala uja. Ku America munthu amayamba ngati assistant professor, ndipo cha m'chaka cha 6 ntchito yake yonse imaikidwa pa sikelo. Akakhoza amakhazikika, akalephera amalongedza. Ku Britain maudindo amayenda kuchokera pa lecturer, senior lecturer, reader mpaka professor. Wofuna kubwerera ku Italy amafunika Abilitazione Scientifica Nazionale, imene inabwera ndi lamulo la 2010, koma chimenecho ndi chilolezo chopikisanira mpando, si mpando.

Nanga kumasulira kumalowa pati? Makomiti ambiri olemba ntchito amakuwerengera pang'ono poyerekeza ndi kafukufuku. Ife tikuona kuti uku n'kulakwa, pakuti palibe amene amawerenga buku mosamala kuposa womasulira, koma ndi mmene zinthu zilili. Kumasulira kumene kumalemera pa sikelo ndi kokhala ndi mawu otsogolera ofotokoza mbiri ya bukulo, ndemanga za m'munsi mwa tsamba, ndiponso kosindikizidwa ndi osindikiza odziwika.

Tsopano za inu. Choyamba, Chitaliyana chochezera pakhonde sichikwana. Masisitere ndi ansembe ambiri amene anabwera kuno ndi a kumpoto kwa Italy, ndipo kumeneko polankhula sagwiritsa ntchito kwenikweni nthawi yakale yotchedwa passato remoto. Koma m'mabuku a nthano ndiyo ili tsamba lililonse. Inu mukudziwa *ho fatto*, bukulo lalemba *feci*; mukudziwa *è nato*, bukulo lati *nacque*. Apa ndi pamene ambiri amadodoma. Muyenera satifiketi yodziwika: CILS ya ku Università per Stranieri di Siena, CELI ya ku Università per Stranieri di Perugia, kapena PLIDA ya Società Dante Alighieri. Kuti mulowe maphunziro ophunzitsidwa m'Chitaliyana amafuna mulingo wa chilankhulo wa B2, koma pa maphunziro a mabuku ife tinganene kuti musanyamuke musanayandikire C1, mulingo wotsatira pamwamba pake.

Chachiwiri ndi msampha wa makirediti. Digiri yanu ya uphunzitsi ndi yabwino, koma laurea magistrale ya mabuku a Chitaliyana imafuna kuti mu digiri yoyamba mukhale mutachita kale makirediti angapo a mabuku a Chitaliyana, sayansi ya zilankhulo, ndipo nthawi zambiri Chilatini. Komiti ikayang'ana mndandanda wa maphunziro anu n'kusawapeza, imakana, ngakhale malikisi anu atakhala apamwamba. Njira zozembera msamphawu ndi ziwiri. Ina ndi kufunsira ku mayunivesite a alendo aja, Perugia ndi Siena, amene anazolowera mapepala a kunja. Ina ndi digiri ya zaka 3 ya chilankhulo ndi chikhalidwe cha Italy yophunzirira pa intaneti, imene amayendetsa mgwirizano wa mayunivesite wotchedwa ICoN, wokhala ku Pisa. Anaikonzera anthu okhala kunja kwa Italy. Imeneyi ingakuloleni kuphunzira muli ku Linga komweko osasiya choko, bola netiweki ndi magetsi.

Chachitatu ndi mapepala. Kulembetsa kumayambira pa tsamba la Universitaly. Digiri yanu iyenera kutsimikizidwa, kaya ndi chikalata cha CIMEA, bungwe la ku Italy lounika madigiri a kunja, kaya ndi dichiarazione di valore, chikalata chonena mulingo wa digiriyo chochokera ku ofesi ya kazembe, malinga ndi chimene yunivesiteyo yapempha. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, choncho muwerengere ulendo wodzera ku Salima, Lilongwe, Mchinji ndi Chipata. Chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri ndi dzina: pa satifiketi ya MSCE lalembedwa mwina, pa digiri mwawonjezera la pakati, pa pasipoti chilembo chimodzi chasintha. Konzani zimenezi musanatumize chilichonse. Mukafika ku Italy ndi viza ya maphunziro, muli ndi masiku 8 a ntchito oti mupemphe permesso di soggiorno, chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo mafomu ake amaperekedwa ku positi ofesi. Masikolashipu a zigawo za dzikolo amayang'ana chuma cha banja, ndiye amafuna zikalata zosonyeza zimene a pabanja panu amapeza, zomasuliridwa ndi kudindidwa. Kwa banja lodalira mpunga ndi usodzi, lopanda pepala la malipiro, zikalata zoterezi zimatenga miyezi. Yambani chaka chathunthu nthawi isanakwane.

Musaiwale kuti pafupi pomwepa, ku University of Cape Town ndi ku Wits ku Johannesburg, Chitaliyana chimaphunzitsidwa, ndipo kuli magazini ya akatswiri yotchedwa Italian Studies in Southern Africa.

Tibwerere ku mfundo ija. Mukakapikisana ndi mwana wa mumzinda wa Firenze ku Italy pa kusanthula Petrarca, iye anayamba ali ku sekondale, ndipo adzakusiyani kutali. Koma iye Chichewa sachidziwa. Kumasulira kuchokera m'Chitaliyana kupita m'Chichewa, kapena kufananitsa nthano za asodzi a ku Sicily ndi za asodzi a nyanja yathu, ndi munda umene inu mungalime kuposa iye. Yunivesite ya L'Orientale ku Napoli imaphunzitsa zilankhulo za mu Africa monga Chiswahili ndi Chihausa. Malo otere ndi amene angamvetse msanga kufunika kwa zimene mwanyamula.

Akonzi, mwana wanga wamkazi akuti akufuna kukaphunzira za mabuku ku Italy. Ine sindikukana, koma akadzabwera adzadya chiyani? Ndigulitse ng'ombe? — Bambo, Khombedza, Salima

Bambo, funso lanu ndi loyenera. Mipando ya upulofesa wa Chitaliyana ndi yochepa ngakhale kwa eni ake, ndipo m'mayiko ambiri madipatimenti ang'onoang'ono a zilankhulo akuphatikizidwa ndi ena. Mwanayo ayende ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ukhale satifiketi yophunzitsira Chitaliyana kwa alendo, monga DITALS ya ku Siena kapena CEDILS ya ku Venezia, pamodzi ndi luso lotanthauzira pakamwa ndi kumasulira zikalata. Kuno kwathu kuli mabungwe ochokera ku Italy, monga a Sant'Egidio amene amayendetsa ntchito za umoyo za DREAM, komanso amishoni a ku Balaka ndi Mangochi. Munthu wodziwa bwino zilankhulo zitatu sasowa pogwira.

Ng'ombezo musagulitse mpaka mutaona makalata awiri: lomulandira pa yunivesite, ndi lonena amene alipire chakudya ndi pogona. Za udokotala, asavomere malo opanda sikolashipu.

Achimwene akonzi, ndimagwira ntchito pa malo ogona alendo kuno ku Senga Bay. Mlendo wina anandisiyira buku la nthano za ku Italy lomasuliridwa m'Chingelezi. Zinandikhudza, ndipo ndikufuna kuziika m'Chichewa. Chitaliyana ndikuphunzira kumene. Kodi n'kulakwa kumasulira kuchokera m'Chingelezimo? — Mayi, Senga Bay

Achemwali, sitinena kuti n'kulakwa, koma muona nokha zimene zimatayika pa njira. Pali zinthu zimene Chitaliyana ndi Chichewa zili nazo, Chingelezi chilibe.

Tiyambe ndi ulemu. Mtaliyana amati *tu* kwa mnzake, *Lei* kwa munthu womulemekeza, ndipo kummwera kwa dzikolo ndi m'mabuku akale mumapezanso *voi*. Chingelezi chimawunjika zonsezi m'mawu amodzi. Tiyerekeze nthano imene mnyamata ndi mtsikana akhala akuitanana *Lei* masamba 40, ndiye tsiku lina pa doko mtsikanayo n'kunena *tu*. Wowerenga wa ku Italy mtima umagunda, chifukwa wadziwa kuti mpanda wagwa. M'Chingelezi simuona kanthu. M'Chichewa muli nacho chida: "inu" asanduka "iwe", ndipo aliyense wa ku Maganga amva chimene chachitika. Koma samalani, musachite mwa chizolowezi. Mwana wa ku Italy lero amati *tu* kwa bambo ake, ndipo ndi chikondi. Mukalemba "iwe" pamenepo, wowerenga wathu aona mwana wamwano, chimene wolemba sanatanthauze. Pamenepo lembani "inu bambo", ndipo kuyandikana kwawo mukuonetse ndi mawu ena.

Ubale nawo uli ndi zake. *Nipote* ndi mdzukulu, komanso ndi mwana wa mchimwene kapena wa mchemwali. *Zio* ndi malume, komanso bambo aang'ono kapena aakulu, ngakhalenso mwamuna wa azakhali. *Fratello* sanena ngati ndi mkulu kapena mng'ono. Chichewa sichilola kubisala, muyenera kusankha. Choncho musanalembe chiganizo choyamba, werengani nthano yonse, mujambule mtengo wa banjalo papepala. Mukatchula munthu "malume" pa tsamba 3, n'kudzapeza pa tsamba 60 kuti ndi mng'ono wa bambo, ndiye kuti ndime zonse zokhudza chuma cha masiye zapotoka, chifukwa kwa Achewa malume ali ndi mphamvu imene bambo aang'ono alibe.

Inu a kunyanja, nazi zanu. *Lago*, nyanja ngati yathuyi, ndi *mare*, nyanja yamchere, ife timati nyanja zonse. Mukhoza kulemba "nyanja yamchere" kamodzi koyambirira, kenako "nyanja" basi. Mukamabwereza nthawi zonse chiganizo chimalemera. Ndiye pali mphepo. *Scirocco* imachokera kummwera chakum'mawa, ngati mwera wathu, ndipo dzanja limathamangira kulemba "mwera". Musatero. Mwera ndi wa nyengo yozizira, wa June ndi July, umene umautsa mafunde mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda, anthu atafunda zitenje. Scirocco ndi mphepo yotentha yochokera ku chipululu cha Sahara, yobwera ndi fumbi ndi chifungafunga, imene imafooketsa thupi. Mbali ndi imodzi, koma thupi limamva zosiyana. Lisiyeni dzinalo mmene lilili, muwonjezere mawu awiri kapena atatu: "scirocco, mphepo yotentha ija". N'chimodzimodzi *polenta*. Ndi ufa wa chimanga wophikidwa m'madzi, inde, koma mukalemba "nsima" wowerenga aona mbale ya usipa pambali, ndipo mwamuchotsa ku mapiri a Italy n'kumubweza kwawo.

Popeza Chingelezi mumachidziwa, chenjerani ndi mawu ofanana nkhope. *Parenti* ndi achibale, osati makolo. *Camera* ndi chipinda. *Caldo* ndi kutentha. *Fattoria* ndi famu. *Libreria* ndi sitolo ya mabuku.

Kagwiridwe kake kakhale kotere. Sankhani nthano yaifupi, ya masamba 5 mpaka 10. Ife tingakulozereni kwa Giovanni Verga wa ku Sicily, amene analemba za alimi ndi asodzi osauka. Buku lake la 1881, I Malavoglia, ndi la banja la asodzi a ku Aci Trezza limene bwato lawo linamira ndi katundu wa ngongole, nkhani imene ku Chia kapena ku Chipoka sifunika kufotokozera. Koma yambani ndi nthano zake zazifupi. Zolemba zakale zotere zimapezeka mwaulere pa tsamba la Liber Liber. Ikani Chitaliyana patsogolo panu, Chingelezi chikhale chothandizira pamene mwasokonezeka. Mawu ovuta muwafufuze mu dikishonale ya Chitaliyana chokhachokha, monga Treccani ya pa intaneti, ndipo Chichewa chanu muchiyeze ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies. Khalani ndi kope lolembamo mawu obwerezedwa ndi mmene mwawamasulira, kuti bwato lisasanduke ngalawa pakati pa nthano popanda chifukwa. Tsamba limodzi kapena awiri patsiku n'zokwanira. Mukamaliza, isiyeni sabata yathunthu, kenako muiwerenge mokweza kwa munthu wosadziwa Chitaliyana kapena Chingelezi. Pamene wakwinya nkhope kapena wafunsa kuti "mwati bwanji?", ikani chizindikiro, pamenepo chiganizo chikadali ndi mafupa a chilankhulo china. Mafunso otsala muwasonkhanitse, mudzafunse Mtaliyana wodziwa mabuku onse pakamodzi.

Ndakatulo muyambe mwazisiya. Zimakopa, chifukwa mawu a zilankhulo ziwirizi amathera ndi mavawelo ndipo mphamvu imakonda kugwera pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Koma mzere wa Dante uli ndi masilabo 11 okha, pamene mneni mmodzi wa Chichewa, monga "ndinadzipezanso", wadya kale 6. Ndakatulo yake yaikulu, Commedia, ili ndi nyimbo 100 ndi mizere 14,233, yolukidwa itatuitatu.

Akonzi, ndikamasulira buku la Mtaliyana ndipemphe chilolezo kwa yani? Nanga malipiro amawerengedwa bwanji? — Wophunzira, Dwangwa

Yambani ndi chaka chimene wolembayo anamwalira. Lamulo la Malawi la 2016 limateteza buku kwa zaka 50 mwini wake atamwalira. Ku Italy ndi zaka 70. Carlo Collodi anamwalira mu 1890, Verga mu 1922, Luigi Pirandello ndi Grazia Deledda mu 1936: awa mukhoza kumasulira osapempha munthu. Italo Calvino anamwalira mu 1985, Primo Levi mu 1987, Umberto Eco mu 2016: awa ayi. Dziwaninso kuti kumasulira kwa Chingelezi kuli ndi mwini wake payekha. Wolemba akhoza kukhala wa zaka 100 zapitazo, koma ngati mwadzera m'Chingelezi cha womasulira wa posachedwa, chilolezo chikufunika kwa iye. Ndemanga ndi mawu otsogolera a kope latsopano nazonso zili ndi eni ake.

Pa buku lotetezedwa, amene amagula ufulu ndi wosindikiza, osati womasulira. Inu mumakonza chitsanzo cha masamba 10 mpaka 20 ndi tsamba limodzi lofotokoza bukulo ndi amene adzaliwerenge. Wosindikiza wa kuno ndiye amalembera ofesi ya maufulu ya wosindikiza wa ku Italy kapena woimira wolembayo. Cholakwika chimene chimawawa kwambiri ndi kumasulira buku lonse chaka chathunthu, n'kudzamva kuti eni ake akana. Unduna woona za kunja wa Italy umapereka thandizo la ndalama zomasulira mabuku a dzikolo m'zilankhulo zina, ndipo pempho limadzera ku ofesi ya kazembe. Pa buku lotetezedwa adzafuna kuona kuti nkhani ya ufulu inatheka kale.

Osindikiza a ku Italy amalipira womasulira pa cartella, tsamba loyezera la zilembo 2,000 kuwerengera ndi mipata yomwe. Nthano ya zilembo 30,000 ndi macartella 15. Njira imeneyi ndi yabwino kuibwereka kuno, chifukwa kuwerenga mawu kumapondereza womasulira wa Chichewa: zimene Mtaliyana wanena ndi mawu asanu, *non te lo dirò più*, ife timatha ndi amodzi, "sindidzakuuzanso". Mu kontirakiti mulembe kuti zilembo zikuwerengedwa za mbali iti, dzina lanu lioneka pa tsamba la mutu, ufulu mwaupereka kwa zaka zingati, makope angati, ndiponso ngati wailesi ingawerenge nthanoyo popanda malipiro ena. Kope limodzi losainidwa likhale kwa inu, ndipo bukulo likatuluka mukalilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza maufulu a alembi ndi oimba, m'dzina lanu ngati womasulira.